Tikufuna chilumba chaphee ku Greece: tipite kuti, mwezi uti?

Funso: Ine ndi amuna anga timakhala ku Leeds, tonse ndife anamwino, ndipo chaka chamawa tikwanitsa zaka 10 tili pabanja. Tasunga kandalama koti tikapume sabata imodzi ku Greece. Anzathu onse akungoti Santorini, koma tikaona zithunzi za anthu atapanikizana m'tinjira kulimbirana malo ojambulira, mtima ukubwerera m'mbuyo. Ife tikufuna kukagona, kusambira pang'ono ndi kudya bwino basi. Mapasipoti athu ndi a Malawi. Tipite chilumba chiti, mwezi uti, nanga tikafikako bwanji?

Yankho: Mayi, pitani ku Sifnos, mwezi wa Juni kapena wa Sepitembala, ndipo masiku onsewo mukathere pachilumba chimodzicho. Zotsalazi ndi zifukwa zake, komanso timisampha tina timene timakola anthu amene akupitako koyamba.

Greece ili ndi zilumba ndi tizilumba pafupifupi 6,000, ndipo zokhala anthu ndi 227. Chimene chimachititsa kuti china chidzaze pomwe china chili zii si kukongola ayi, ndi kafikidwe kake. Santorini ndi Mykonos zili ndi mabwalo a ndege olandira ndege zochokera m'mizinda ya ku Ulaya, komanso masitima akuluakulu oyendetsa alendo amaima kumeneko n'kutsitsa anthu masauzande m'mawa umodzi. Zinafika poti kuyambira 2025 boma la Greece limalipiritsa mayuro 20 kwa mlendo aliyense wotsika m'sitima zoterezi pa zilumba ziwirizi m'nyengo yodzaza. Sindikunyoza Santorini, phompho lake lija ndi lochititsa kaso ndithu. Koma munthu amene wachoka kuwodi atatopa, wogwira mashifiti a usiku, alibe chimene akapumeko. Sifnos ilibe bwalo la ndege. Aliyense wofikako ndiye kuti walolera kukhala maola angapo panyanja, ndipo zimenezo zokha zimasefa anthu ongofuna kujambulitsa n'kumapita.

Chilumbachi chili m'gulu la Cyclades, chakumadzulo, pakati pa Serifos ndi Milos. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 74 ndipo anthu okhalako chaka chonse sakwana 3,000. Nyumba zoyera ndi matchalitchi a madenga abuluu zimene mumaziona pa zithunzi za ku Santorini ziliponso kuno, kungoti kuno muli anthu okhalamo, oyanika zovala ndi kulima tomato kuseri kwa nyumba. Ndisakunamizeni kuti ndi malo obisika. Anthu a ku Athens komanso a ku France amachidziwa bwino chilumbachi, ndipo mu Ogasiti chimadzaza mpaka chipinda kusowa. Za mweziwo ndibwererako.

Sitima imakutsitsani ku Kamares, doko la kumadzulo. Kuchoka pamenepo msewu umakwera makilomita asanu kapena asanu ndi imodzi kukafika ku Apollonia, likulu la chilumbachi, limene linalumikizana ndi midzi ina ya pamtunda monga Artemonas ndi Exambela. Funso lalikulu kwa inu ndi loti mugone pamtunda kapena kugombe. Pamtunda pamawomba kamphepo kozizirira usiku, ndipo mabasi onse amadutsa pa Apollonia, moti tsiku lililonse mungasankhe gombe lina. Vuto lake ndi loti kusambira kulikonse kumafuna basi. Komanso kanjira kotchedwa Steno, komwe kuli mabala ndi timashopu, kamakhala ndi phokoso mpaka usiku kwambiri m'chilimwe. Mukasankha pamtunda, funani chipinda ku Artemonas, ndi ulendo wa mphindi zochepa wapansi koma kuli bata.

Koma poti mwati mukufuna tulo ndi madzi, ine ndingakuikeni ku Faros kapena ku Vathi. Faros ndi kamudzi ka asodzi kum'mwera chakum'mawa, kokhala ndi timagombe titatu toyandikana. Kuchokera pamenepo pali kanjira kotsata m'mbali mwa nyanja, kapansi mphindi 20 kapena 30, kokafika ku gombe la Apokofto ndi ku tchalitchi cha Chrysopigi. Tchalitchichi chinamangidwa mu 1650 pa thanthwe lolowa m'nyanja, long'ambika pakati, moti mumawoloka kamlatho kuti mulowe. Vathi ndi gombe la kum'mwera chakumadzulo, nyanja inalowa kumtunda n'kuzunguliridwa ndi mapiri, ndiye madzi ake amakhala odekha ngakhale tsiku limene kwina kukuwinduka. Matebulo a malo odyera amawaika pamchenga penipeni, pansi pa mitengo. Ngati mmodzi wa inu sadziwa kusambira kwenikweni, Vathi ndi Kamares ndi kumene madzi amazama pang'onopang'ono, munthu n'kuyenda kamtunda madzi akulekeza m'chiuno. Platis Gialos ndiye gombe lalitali komanso lotchuka, ndipo pachifukwa chomwecho ndi limene ndingalisiye.

Tsopano zakudya, chifukwa apa m'pamene Sifnos imaposera zinzake. Chilumbachi chili ndi dothi labwino loumbira ndipo oumba mbiya akhalako kuyambira kalekale. Mpaka lero ku Vathi, ku Kamares, ku Platis Gialos ndi ku Cheronissos mupeza mabanja oumba, ena akuumbira pakhomo pomwe akugulitsira. Maphikidwe a kumeneko anabadwira m'miphika imeneyi. Chakudya chimene musabwere musanalawe ndi revithada. Ndi tchana basi, chophika ndi anyezi wambiri, mafuta a maolivi, mchere ndi madzi. Loweruka madzulo amathira zonsezi mumphika wadothi wotchedwa skepastaria, n'kumata chivundikiro chake ndi ufa wokanda kuti nthunzi isathawe. Mwamwambo banja lililonse limalemba chizindikiro pa mphika wake n'kukausiya mu uvuni wa nkhuni wa m'mudzi, momwe umagona usiku wonse pa moto wozilala. Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi amadzera kukatenga. Mukavundukula mumapeza tchana chafewa mpaka kusungunuka pakamwa, anyezi sakuonekanso, msuzi uli tiki, wofiirira. Amangofinyiramo ndimu n'kudyera buledi ndi maolivi. Malo odyera ambiri amaphika revithada Lamlungu lokha, ndiye pokonza masiku anu onetsetsani kuti Lamlungu likupezeni pachilumba.

China ndi mastelo, nyama ya mbuzi kapena ya nkhosa yoikidwa pa timitengo ta mpesa mkati mwa mphika wadothi, n'kuthiramo vinyo wofiira ndi masamba onunkhira, kenako kuiwotcha maola ambiri. Ndi chakudya cha pa Isitala koma m'malesitilanti chimapezeka chilimwe chonse. Kulinso tchizi cha manoura chimene amachisunga m'masese a vinyo, chowawa pang'ono, ndi melopita, keke ya uchi ndi tchizi chofewa. Mu Sepitembala ku Artemonas kumachitika chikondwerero cha zakudya za zilumba za Cyclades, chotchedwa ndi dzina la Nikolaos Tselementes, katswiri wophika wotchuka mu Greece yense amene kwawo kunali ku Sifnos.

Chenjezo limodzi pa nkhani ya chakudya: nsomba yaiwisi ya tsikulo amagulitsa pa kilo, ndipo mtengo mukuuona pa menyu ndi wa kilo, osati wa mbale. Musachite manyazi, lowani kukhitchini mukasankhe nokha, ayeze pasikelo muli pomwepo, akuuzeni mtengo asanaiike pamoto. Eni dziko amatero. Ndipo musadabwe mukafika 6 koloko madzulo n'kupeza mipando ili mbee. Agiriki amadya mgonero cha m'ma 9 kapena 10 koloko usiku.

Ngati mwayi ungakugwereni, mudzakumana ndi panigiri, phwando la tsiku la woyera mtima wa tchalitchi china. Sifnos ili ndi timatchalitchi mazanamazana, tina pamwamba pa mapiri popanda nyumba ina pafupi. Banja limodzi limadzipereka kusunga chithunzi chopatulika cha tchalitchicho m'nyumba mwawo chaka chathunthu, ndipo tsiku likakwana banja lomwelo limaphikira aliyense wobwera, mlendo kapena mwini mudzi, osalipira. Anthu amakhala pa matebulo ataliatali mosinthana, gulu lina likadya limapereka malo kwa lina, kenako vayolini ndi laouto, chida cha zingwe chonga gitala, zimalira mpaka usiku. Phwando la Chrysopigi limachitika pa tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu potsata kalendala ya mpingo wa Orthodox, mu Meyi kapena mu Juni, ndipo chithunzicho chimabwera pa boti. Funsani mwini nyumba imene mwafikira ngati kuli panigiri sabata imeneyo. Polowa m'tchalitchi valani zophimba mapewa ndi mawondo.

Tsiku limodzi mukalithere ku Kastro, likulu lakale, makilomita atatu kuchokera ku Apollonia. Ndi mudzi womangidwa pa chitunda choyang'ana nyanja, nyumba zakunja zinalumikizana n'kupanga linga poopa achifwamba a panyanja, ndipo m'makoma ena muona zidutswa za nsanamira zamakedzana zitangomangidwira momwemo. Chilumbachi chinali cholemera kale chifukwa cha migodi ya golide ndi siliva, mpaka cha m'ma 525 BC anthu ake anamanga nyumba yosungira chuma ya miyala ya mabo ku Delphi, malo opatulika akale a kumtunda kwa Greece, imene zosema zake zili m'nyumba yosungira zakale kumeneko mpaka lero. Kunsi kwa Kastro kuli masitepe otsikira ku katchalitchi ka Epta Martyres, kali kokhakokha pa mwala mafunde akumenya mbali zonse. Pitani m'mamawa dzuwa likamatuluka, chifukwa mbali imeneyi imayang'ana kum'mawa. Okonda kuyenda pansi, pali tinjira takale ta miyala toposa makilomita 100, toikidwa manambala ndi zikwangwani. Nyamukani 7 koloko, pofika 11 mukhale mutabwerera pamthunzi. Dzuwa la kumeneko si losewera nalo ngakhale kwa ife obadwira kotentha, ndipo m'njiramo mitengo yoti mungausepo ndi yochepa.

Nkhani ya mwezi ndi imene imaononga kapena kukonza ulendo wonse. Ogasiti musiyeni. Pa 15 Ogasiti ndi tsiku lalikulu la Maria Virigo mu mpingo wa Orthodox, ndipo masabata ozungulira tsikuli dziko lonse limakhala patchuthi, Athens amakhuthukira kuzilumba, mitengo ya zipinda imakwera kwambiri. Ndi nthawi yomweyonso, Julayi ndi Ogasiti, imene meltemi imalimba. Iyi ndi mphepo youma yochokera kumpoto imene imatha kuwomba masiku angapo osapuma. Amene anakwerapo Ilala kupita ku Likoma nthawi ya mwera akudziwa kale zimene ndikunena: kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala, koma nyanja yakwiya ndipo ndondomeko ya ulendo ili m'manja mwa mphepo. Ikafika poipa akuluakulu a padoko amaletsa masitima kunyamuka, ndipo oyamba kuimitsidwa amakhala ang'onoang'ono othamanga aja.

Juni ali ndi masiku ataliatali, mapiri amakhala asanaumiretu, ndipo anthu ogwira ntchito m'mahotela amakhala asanatope ndi alendo. Sepitembala, makamaka ikadutsa sabata yoyamba ana atabwerera kusukulu, ali ndi nyanja yofunda kuposa ya Juni chifukwa yakhala ikuwothera dzuwa chilimwe chonse. Poti mwatchula zosambira, ine ndingasankhe Sepitembala. Meyi ndi wokongola koma madzi amazizira. Kumapeto kwa Okutobala malo ambiri ogona ndi odyera amatseka mpaka cha pa Isitala, ndipo masitima amachepa.

Kafikidwe kake nkotere. Ndege yochokera ku Manchester kapena ku London imatenga maola pafupifupi anayi kukafika ku Athens, ndipo Greece ili patsogolo ndi maola awiri. Kuchokera pabwalo la ndege, sitima yapansi ya Line 3 imakafika ku doko la Piraeus osasintha, ulendo wa ola limodzi. Palinso basi ya X96 imene imayenda usana ndi usiku. Piraeus ndi doko lalikulu zedi, zipata zake zili motalikirana, ndiye yang'anani nambala ya chipata pa tikiti ndipo mufike padakali ola lathunthu. Sitima yothamanga imatenga maola awiri ndi theka kapena atatu kukafika ku Sifnos, yaikulu yoyenda pang'onopang'ono imatenga pafupifupi asanu. Yothamanga ndi yodula, mumakhala pampando wa nambala m'kati motsekedwa, ndipo kukakhala mafunde imadumpha moti matumba osanziramo amagwira ntchito. Yaikulu ndi yotchipa, siigwedezeka kwambiri, ndipo mutha kukhala panja n'kumaona zilumba zikudutsa. Amene amachita nseru paulendo asankhe yaikulu, kapena amwe mankhwala asanakwere. Inu ndinu anamwino, sindikuphunzitsani zimenezo. Nthawi ndi mitengo ya makampani onse mutha kuyerekeza pa webusaiti ya Ferryhopper.

Pali kanthu kamene kamadzidzimutsa oyamba kumene. Sitimayi siithera ku Sifnos, imangoima mphindi zochepa n'kupitirira ku Milos. Pokwera mumasiya masutikesi pansi, pamalo oimika magalimoto, pa mashelefu olembedwa mayina a zilumba. Akangolengeza kuti Sifnos yayandikira, tsikani nthawi yomweyo mukaime pafupi ndi katundu wanu. Mudzapeza khamu litaima mumdima, injini ikulindima, fungo la dizilo lili guu, kenako chitseko chachikulu chakumbuyo chimayamba kutsika sitima isanaime n'komwe, kuwala n'kulowa, antchito akuimba mawisilo ndi kukuwa kuti fulumirani. Mukachedwa kuchimbudzi, mukagona ku Milos.

Masitima ambiri amanyamuka m'mawa, choncho nthawi zambiri usiku woyamba mumagona ku Athens kapena ku Piraeus. Usiku womaliza nawonso mugone ku Athens. Apa ndikulimbikira: musakonze zoti mutsike sitima masana n'kukwera ndege madzulo a tsiku lomwelo. Mphepo kapena sitalaka ya ogwira ntchito m'masitima ikangochitika, tikiti ya ndege yapita, ndipo Lolemba muli pa rota. Ndiye pa mausiku asanu ndi awiri, asanu okha ndi a pachilumba. N'chifukwa chake ndikukana zoti muwonjezerepo chilumba chachiwiri. Kusamuka kulikonse kumadya theka la tsiku: kulongedza, kudikira padoko padzuwa, kufunafuna nyumba yatsopano. Ngati kuntchito angakupatseni masiku awiri owonjezera, aikeni pa Sifnos pomwepo. Usiku wa ku Athens si wotayika, mukadzuka m'mamawa mukwera Acropolis, phiri la akachisi amakedzana, kusanatenthe.

Pachilumba, mabasi amakwanira m'chilimwe ngati simuli pachangu, ndipo nthawi zake amazimata pamalo okwerera. Matakisi ndi owerengeka, uzani mwini nyumba akukonzereni wokutengani padoko. Mukafuna galimoto yahayala, tsiku limodzi kapena awiri akwana. Amayendetsa kudzanja lamanja, misewu ndi yopapatiza ndi yokhotakhota. Laisensi ya ku Britain amailandira, koma ngati mukadali ndi ya ku Malawi pamafunika chilolezo choyendetsera cha m'maiko onse. Njinga zamoto ndi zija za matayala anayi zisiyeni. Pachilumba pali kachipatala kakang'ono ku Apollonia, wovulala kwambiri amachita kumutumiza ku Syros kapena ku Athens, ndipo inshuwalansi zambiri sizilipira ngozi ya njinga ngati munthu analibe laisensi yake. Nambala ya pangozi ndi 112.

Tina ting'onoting'ono. Madzi ndi osowa pa zilumbazi, ambiri amamwa a m'botolo, ndipo kusamba kwa theka la ola eni ake sakondwera nako. Mapepala a kuchimbudzi saponya m'chimbudzi, amaponya m'kabini kali pambali, chifukwa mapaipi ndi aang'ono. Kuyambira 3 koloko mpaka hafu pasiti 5 masana ndi nthawi ya chete mwalamulo m'chilimwe, mashopu ambiri amatseka, musamaimbe foni mokweza pakhonde. Pali msonkho wa boma wa usiku uliwonse umene mumalipira pamalo ogona, ndipo nthawi zambiri sukhala mu mtengo umene munaona pa intaneti. Makadi amalandira pafupifupi paliponse, koma sungani mayuro ena m'thumba a basi ndi a kandulo ya m'tchalitchi.

Mwina mukuti Sifnos ikumvekabe yotchuka, mukufuna kwaphee kuposa apo. Ndiye Amorgos, chilumba cha kum'mawa kwenikweni kwa Cyclades, chachitali, chamapiri, chokhala anthu pafupifupi 2,000. Kumeneko kuli nyumba ya amonke ya Hozoviotissa, ya m'zaka za m'ma 1000, yomatirira pa phompho mamita 300 pamwamba pa nyanja, ndipo mukakwera masitepe ake amonke amakulandirani ndi kakapu ka psimeni raki, kachasu wothira uchi, ndi switi ya loukoumi. Koma sitima yaikulu yochokera ku Piraeus imatenga maola asanu ndi awiri kapena kuposa, chilumbachi chili ndi madoko awiri otalikirana, Katapola ndi Aegiali, oti mukasokoneza mutsikira kutali ndi kumene mwalipira chipinda, ndipo mphepo imamenya kwambiri. Ndi cha anthu a masiku khumi kapena kuposa. Pa sabata imodzi, ayi.

Chotsala ndi viza, ndipo ndi chimene muyambe nacho. Chilolezo chanu chokhalira ndi kugwira ntchito ku Britain sichikulowetsani ku Greece. Ndi pasipoti ya Malawi mufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Greece, chimodzimodzi a Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Mupemphe kwa akazembe a Greece, poti ku Greece ndi kumene mukukakhala. Mtengo wake ndi mayuro 90 munthu wamkulu mmodzi kuyambira Juni 2024, ndipo pamwamba pake pali ndalama ina ya ofesi yolandira mafomu. Adzafuna inshuwalansi yapaulendo yotha kulipira zachipatala zosachepera mayuro 30,000, ndipo GHIC, khadi ya ku Britain yothandizira kuchipatala mukakhala ku Ulaya, siilowa m'malo mwake. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osalembedwa, ndipo ikhale yoti idzakhalabe ndi moyo miyezi itatu mutatuluka ku Greece. Chilolezo chanu cha ku Britain nachonso chisakhale chothera m'masiku a ulendowo. Tengani kalata ya kuntchito yosonyeza kuti mwapatsidwa tchuthi, masitetimenti a kubanki, umboni wa ndege yopita ndi yobwerera, ndi umboni wa malo ogona a usiku uliwonse, kuphatikizapo awiri a ku Athens aja, chifukwa usiku umodzi ukasowa pa pepala amafunsa. Lamulo limalola kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Yankho limatuluka m'masiku 15 koma litha kutenga mpaka 45, ndipo chovuta kwenikweni ndi kupeza tsiku lokapereka mafomu, poti m'miyezi ya Epulo mpaka Julayi malo amatha msanga. Ngati mwasankha Sepitembala, yambani kusaka tsikulo mu Malichi, ndipo chipinda musungitse chimene mungachikane popanda kutaya ndalama mpaka viza itadindidwa mu pasipoti.